Chrome inkayenda ngati nanzikambe

Sabata yatha Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, pa laputopu yathu yakale ija, ya memory (RAM) ya 4GB, inandikwiyitsa zedi. Gmail isanatseguke ndinkatha kuwiritsa tiyi. Ine kumangodandaula za netiweki, bandulo kugula ina pamwamba pa inzake.

Mwana wa achemwali anga atabwera anangodina Shift ndi Esc pamodzi, kabokosi n'kutuluka kosonyeza zimene zikudya memory. "Amalume, matabu onsewa ngachiyani?" Matabuwo, masamba amene ndinawasiya otsegula, analipo 23, ambiri a YouTube. Pamwamba penipeni panali ka extension (kapulogalamu kowonjezera pa Chrome) kotsitsira mavidiyo, sindikumbukanso n'komwe kuti ndinakaika liti.

Tinakachotsa, matabu tinatseka, cache (zimene Chrome imasunga za masamba amene tinatsegulapo) n'kufufuta. Panopa ikuthamanga bwinobwino, koma ndalama za mabandulo aja zikundiwawabe mumtima.