Emau anali pati? Tiyeze ndi miyendo

Nyengo ya Pasaka, m'matchalitchi ndi m'miphakati kuno ku Mangochi timawerenga Luka 24, nkhani ya Kleopa ndi mnzake pa njira ya ku Emau. Koma malo amene amalimbirana dzina limeneli lero alipo anayi.

Mkangano wagona pa nambala. Mipukutu yambiri yachigiriki imati mudziwo unali mastadiya 60 kuchokera ku Yerusalemu. Stadiya imodzi ndi mamita pafupifupi 185, ndiye ndi makilomita 11. Ina, kuphatikizapo Codex Sinaiticus wa m'zaka za m'ma 300, imati 160, pafupifupi makilomita 30.

Nambala yaikuluyi ikuloza ku Imwas, mudzi umene Aroma ankautcha Nicopolis, kufupi ndi Latrun. Dzina likugwirizana, ndipo Eusebius ndi Jerome, olemba mabuku achikhristu akale, ankakhulupirira kuti ndi komweko. Chovuta ndi ulendo wobwerera. Luka akuti Kleopa ndi mnzakeyo anafika ku Emau dzuwa litapendeka, anakhala pansi kuti adye, nanyamuka nthawi yomweyo, n'kukapeza ophunzira ali pamodzi ku Yerusalemu. Munthu wamphamvu amayenda makilomita 5 pa ola, choncho 30 ndi maola 6, usiku, pamwamba pa 30 ena a masana. Ndiponso Imwas ali kunsi, Yerusalemu ali pamapiri. Amene anakwerapo Chowe wapansi polowera ku Namwera akudziwa m'mene chitunda chimadyera nthawi. N'kutheka kuti mlembi wina amene ankadziwa Nicopolis yekha ndiye anasintha nambalayo.

Qubeibeh ndi Abu Ghosh mtunda wake ukuyandikira makilomita 11, koma mboni zake n'zochedwa. Anayamba kutchedwa Emau patapita zaka zoposa 1,000, alendo achipembedzo ochokera ku Ulaya atachuluka m'dzikomo. Kukhala ndi tchalitchi chokongola si umboni.

Ambiri amaiwala Motza. Josephus, wolemba mbiri wachiyuda yemwe anakhala m'nthawi ya atumwi, analemba kuti nkhondo ya Ayuda ndi Aroma ya chaka cha 70 itatha, mfumu ya Aroma Vespasian inapatsa asilikali opuma 800 malo otchedwa Emau, mastadiya 30 kuchokera ku Yerusalemu. Mudziwo, womwe akuti unali pa Motza pomwepa, pambuyo pake unadziwika kuti Qalunya, dzina lochokera ku mawu achilatini otanthauza mudzi wa atsamunda, ndipo dzina lakale linazilala. Apa ndi makilomita osakwana 6, ola limodzi ndi pang'ono, ulendo woti munthu angathe ngakhale kutada. Pofooka pake m'pakuti 30 si 60, pokhapokha Luka atawerenga kupita ndi kubwera pamodzi. Kwa ine, m'pamene dzina, zaka ndi miyendo zikuyandikirana kwambiri.