Mndandanda wa ntchito za gulu la ojambula: mmene ndinaukonzera pa Wikipedia

Ulendo woyamba ndinangotola zonse zimene zinali pa webusaiti ya gululo, mapositala, ziboliboli ndi zojambula zapakhoma, n'kuzikhuthulira m'nkhani usiku umodzi. Mkonzi wina anachotsa zambiri, nasiya funso patsamba lokambirana: kupatula eni akewo, ndani wina analembapo za ntchitozi?

Zinandipweteka, koma ankanena zoona. Webusaiti ya gulu ingatsimikize dzina la ntchito ndi chaka chake, koma kufunika kwa ntchitoyo sanganene ndi mwiniwake.

Ndinayambiranso mu sandbox, tsamba loyeserera kulemba pa Wikipedia. Ndisanalembe dzina lililonse, ndinaika muyezo woti akonzi anzanga auone: ntchito ilowe ngati inasungidwa ku myuziyamu yodziwika, ngati ili m'katalogi ya chionetsero, kapena ngati mtolankhani kapena wofufuza wosakhudzana ndi gululo anaifotokoza mozama. Kungotchulidwa modutsa sikokwanira. Nkhani zina za m'nyuzipepala nditaziika pambali pa chikalata chimene gululo linatumiza kwa atolankhani, ndinapeza kuti mawu ake ndi omwewo, mzere ndi mzere. Ndinazisiya.

Chimene chinandigoneka mochedwa n'chakuti, ntchitoyi ndi ya gulu kapena ya membala mmodzi? Ndinaphunzira poona magulu ena. Guerrilla Girls, amene anayamba ku New York mu 1985, amabisa nkhope ndi mayina awo, ndipo positala yawo ya 1989 yodzudzula Metropolitan Museum inalembedwa ku Tate, myuziyamu ya ku Britain, m'dzina la gulu. Pamenepo palibe mkangano. Koma ruangrupa a ku Jakarta anatsogolera chionetsero chachikulu cha zaluso chotchedwa documenta fifteen ku Kassel, m'dziko la Germany, mu 2022, ndipo zimene zinaonetsedwa kumeneko zinali za ojambula ndi magulu amene anaitanidwa, si zoti n'kuziika pa mndandanda wa ruangrupa. Choncho ndinatsatira dzina limene myuziyamu kapena katalogi inalemba, osati maganizo anga.

Panali chojambula chimodzi chapakhoma chimene ndinachiona ndi maso angawa, mamembala ali pamakwerero, manja ali penti yekhayekha. Ndinasakasaka, palibe amene anachilembapo. Umboni wa maso anga sugwira ntchito mu insaikulopediya, chifukwa wowerenga sangautsimikize. Ndinachichotsa ndekha, mtima ukuwawa.

Zithunzi sindinaike, poti Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi za pa Wikipedia, imafuna chilolezo choti aliyense azigwiritse ntchito momasuka, monga cha CC BY-SA, kuchokera kwa eni ntchito. Ndawalembera kalata, ndikudikira yankho.