Tsiku limene sanda inathawa phunziro langa

Pa shedi yathu ku Mchesi tilipo akalipentala 14. Tinasonkherana ndalama n'kugula sowo yamagetsi, galayinda ndi sanda ya lamba yosalazira matabwa. Mnyamata wina atadzicheka, komiti inalamula kuti aliyense asanagwire makina ayambe wakhala pa phunziro la chitetezo Loweruka m'mawa. Uphunzitsi unagwera ine, pa chifukwa chimodzi chokha: mwa achikulire onse, ndine ndekha amene zala zikadali khumi.

Ndinabwera nditatchena jekete ndi tayi ya pa ukwati wa mlamu wanga. Ndinayamba ndi magalasi oteteza maso, kenako ndinati, "Pafupi ndi makina ozungulira musavale cholendewera chilichonse."

Madala ena opanga mabokosi a maliro anakweza dzanja lawo la zala zinayi. "Aphunzitsi, nanga chingwe chili m'khosicho mwamasula mbuzi ya ndani?"

Ndinavula tayi n'kunena kuti ndimawayesa dala. Palibe anakhulupirira.

Tinafika pa sanda. Ili ndi kabatani kam'mbali kamene ukakanikiza, makina amangoyenda okha, chala n'kupumako. Ndili mkati mowaonetsa pa thabwa la paini, magetsi thi! Ine mumtima ndinati mwayi suposa apa. Ndinaika sandayo pathabwa, n'kutembenukira ophunzira.

"Ili ndiye lamulo lalikulu. Magetsi akazima, zimitsani swichi, zulani pulagi. Inu mumaiwala, makina saiwala."

Ndinalinena katatu. Ndinalilembanso ndi khala pachitseko. Mtsikana wina wongoyamba kumene ntchito anakweza dzanja akuloza kumbuyo kwanga, ine ndinati mafunso kumapeto, chemwali.

Pamenepo ana kunja anakuwa, "Ayakaaa!"

Abale, sanda ija inanyamuka ngati minibasi yaona apolisi. Inatha thabwa lonse, inagunda chitini cha vanishi, n'kudumphira pansi. Ikanaima chingwe chikanakhala chachifupi, koma m'mawa womwewo ndinali nditalumikiza chachitali ndi manja angawa. Inadutsa pansi pa benchi utuchi uli koboo, anthu miyendo m'mwamba, n'kukhotera kwa ine ngati tinakongozana.

Sindikumbukira kuti ndinadumpha bwanji. Ndinangozindikira ndili chagada m'bokosi la maliro losapaka, nsapato imodzi palibe, vanishi akuyenderera pa jekete. Kenako phokoso linatha. Mtsikana uja anali ataima pakhoma, pulagi ili m'manja.

"Funso langa linali lomweli, aphunzitsi."

Madala aja anabwera pang'onopang'ono, anandisuzumira, anayeza ndi maso kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mwakwanamo bwinobwino, achimwene. Ndikusungireni, kapena mulipiriratu?"

Masiku ano phunziro la Loweruka amaphunzitsa mtsikana uja. Komiti inati inenso ndiyenera kukhalapo kawiri ndisanagwirenso sanda. Zimene ndinalemba pachitseko zija sanafufute, angowonjezera dzina langa m'munsi.