PS2, magemu a RPG ndi ntchito zoti umagwira osayang'ana wotchi

Funso loti console (makina osewerera magemu) yabwino kuposa zonse ndi iti limayambanitsa anthu heavy, nde ine ndingoyankhiratu kuti tisatayitsane nthawi: PlayStation 2 (PS2). Ofuna kutsutsa mutsutsa, koma mundimvere kaye. Inatuluka ku Japan mu March 2000 ndipo inagulidwa yoposa 150 miliyoni dziko lonse, ena ankangoigula poti inkaonetsanso ma DVD, magemu analibe nawo ntchito. Ine chimene chinandikola nchoti inkalandira madisiki a PlayStation yoyamba ija ya 1994, nde ukakhala nayo umakhala watenga ma RPG (magemu a nkhani momwe munthu wako amanka nakula mphamvu) a mibadwo iwiri kamodzi. Final Fantasy VII ya 1997 ndi madisiki ake atatu aja, Final Fantasy X ya 2001 momwe anthu a mu Final Fantasy anayamba kuyankhula ndi mawu enieni osati kumangowerenga tizilembo, Dragon Quest VIII, mpakana Persona 4 imene inadzatuluka 2008 PS3 ili kale pamsika koma iyo osagwedezeka.

Pali kanthu kena ka PS2 komwe ambiri sakadziwa. Mukaiyatsa, pa sikirini yakuda ija pamaoneka tinsanamira toyera titaima mu nkhungu eti? Kuchuluka kwake kumatengera magemu amene mwasewera pa memori khadi yomwe mwalowetsayo. Khadi yatsopano pamakhala pali mbee, khadi yoti yaona zambiri tinsanamira timadzadza thoo. Makinawo amakuonetsani ntchito imene mwagwira musanayambe nkomwe kusewera, pa kakhadi ka 8MB basi. Inde panalinso sikirini yofiira ija yobwera disiki ikakandika, munthu nkumaipukuta ndi malaya uku ukupemphera, izo sindikuzisowa olo pang'ono.

Yachiwiri kwa ine ndi Game Boy Advance SP ya 2003, yopinda ija. Game Boy yoyambirira ya 1989 inkadya mabatire anayi komanso sikirini yake inalibe kuwala, kukada basi gemu yathera pomwepo pokhapokha ukakhale pansi pa getsi. SP inabwera ndi kuwala kwake komanso batire yotchaja, ndipo RPG yomenyana mosinthana, iwe umenye iye amenye, imakhala bwino pa kamakina kotere kuposa pa TV chifukwa chilombo chimakudikira. Ukhoza kusiya nkhondo ili pakati, kukaphula zovala pa chingwe mvula ikamabwera, kubwerera, chilombo chili pompo chikungokuyang'ana. Switch ya 2017 inangopitiriza zomwezo, kudina batani kamodzi yagona, kudinanso wabwerera pomwe unali. Munthu wamkulu wa zochita zambiri RPG ya maola 60 angaimalize bwanji popanda zimenezi? Za Xbox sindinenapo kanthu, tinangodutsana pa njira.

Koma nkhani yanga yeniyeni ndi iyi anzanga. Anthu amati timakonda ma RPG chifukwa cha nkhani zake, kupulumutsa dziko, kugonjetsa mfumu ya ziwanda, chikondi, imfa ya uje mu disiki yoyamba ya Final Fantasy VII. Zoona, zilipo ndipo zina zimakhudza. Koma mukawerengera maola amene munthu amakhala ndi kontrola m'manja, kupulumutsa dziko kumatenga mphindi zochepa kwambiri. Maola ena onsewo umakhala ukugwira ntchito. Kuzungulira m'tchire kupha tizilombo tomwe tomwe kuti levo, mlingo wa mphamvu za munthu wako, ikwere, kusonkhanitsa ndalama ya lupanga limene waliona m'shopu, kulongosola chikwama, kugulitsa zosafunika, kuyesa chipewa ichi pa munthu uyu kenako pa uyo. Ndi ntchito imeneyo, ndipo ine ndimaikonda kuposa bosi womaliza, mdani wamkulu wa kumapeto kwa gemu.

Zoti munthu azikula ndi mapointi zinachokera ku magemu osewera pa tebulo, mu Dungeons & Dragons ya 1974 ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, koma amene anazipanga kukhala zokoma kwa munthu wamba ndi Yuji Horii ndi Dragon Quest yake ya 1986. Mu Dragon Quest ukafa sakubweza kumbuyo ayi, amakulanda theka la ndalama zimene unanyamula koma ma XP, mapointi okweza levo aja, onse amatsala ako. Tangoganizani. Ndekuti ngakhale manja ako ali olemera chotani, ngakhale bosi akukwapule kangati, ulendo uliwonse umabwerera uli wamphamvuko pang'ono kuposa poyamba, mapeto ake uwina basi. Gemu yomenyana kapena ya mpira imafuna luso, ngati ulibe ulibe, mwana wa zaka 10 akuchititsa manyazi pagulu. RPG imalipira khama. Thukuta lako silipita pachabe, ndipo nzinthu zingati pa moyo zimene zingakulonjeze zimenezo?

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri chili mu Dragon Quest IV ya 1990. Gemu imeneyi inagawidwa m'machaputala, ndipo mu chaputala chachitatu sumakhala msilikali kapena mwana wa mfumu, umakhala Torneko, bambo wonenepa wa ndevu zapamlomo wogwira ntchito mu shopu ya zida ya munthu wina. M'mawa mkazi wake amamupatsa kaphukusi ka chakudya, iwe nkumuyendetsa mpaka ku shopu, kukaima kuseri kwa kauntala. Kasitomala walowa, akufuna chibonga, wamugulitsa. Wina walowa akufuna kugulitsa lupanga lake, uvomere kapena ukane. Wina amafunsa mtengo kenako nkupezeka kuti ndalama sizikukwana, nkutuluka, kkkk ngati zenizeni. Madzulo bwana amakupatsa komishoni yako, kukagona, mawa chimodzimodzi. Magemu onse aja unazolowera kukhala wogula, apa akuika mbali inayo ya kauntala, ndipo loto la Torneko si lopha chiwanda, ndi lodzakhala ndi shopu yakeyake. Gemu imakulola kuchoka kukayamba ulendo nthawi iliyonse koma ine ndinkangokhalabe pa kauntalapo kudikira kuti mwina wina abweretsa lupanga lodula.

Nde pali Shenmue, ya pa Dreamcast (console ya Sega), 1999, ya Yu Suzuki. Ena amati si RPG yeniyeni, chabwino, tisakangane. Mnyamata Ryo Hazuki akusaka munthu amene anapha bambo ake ku Yokosuka, nkhani yolemera ndithu, koma chakumapeto amakalowa ntchito yoyendetsa forklift pa doko. M'mawa uliwonse pamakhala mpikisano wa ma forklift ndi anzake a pantchito, kenako kunyamula mabokosi kuchoka apa kukasiya ku weyahausi, limodzi limodzi, kulowetsa mafoloko pansi pa bokosi, kukweza, kubwerera chammbuyo osagunda khoma, kukatsitsa pa malo olembedwa mzere. Masana kupuma, kenako kuyambiranso. Ukakwanitsa chiwerengero cha tsikulo malipiro amakwera. Anthu ambiri anadandaula kuti tagula gemu kapena tafunsira ntchito? Koma mukawafunsa lero chimene amakumbukira mu Shenmue, ambiri ayamba ndi forklift yomweyo. Sega inasiya kupanga Dreamcast mu 2001, inafa msanga console imene ija, zachisoni.

Persona 4 inachita zina. Masana uli pasukulu, ndipo ukaweruka uli ndi mpata wochita chinthu chimodzi chokha, usiku chinanso chimodzi, kaya kupinda maenvulopu pa tebulo kuchipinda, kaya kukasamala ana, kaya kukakolopa kuchipatala usiku, ndipo chilichonse chimakuonjezera kenakake, ndalama, khama, kulimba mtima, kapena kudziwana ndi munthu. Mu Skyrim ya 2011 zinjoka zikuwotcha midzi koma anthu anali bize kuwaza nkhuni ndi kusula timipeni tachitsulo mazanamazana kuti luso losula likwere. Stardew Valley ya 2016 nde inangochotseratu manyazi onse, Eric Barone anaipanga yekhayekha kwa zaka zoposa zinayi, ndipo imayamba ndi munthu wotopa ndi ntchito ya mu ofesi amene akupita kukalima munda wa agogo ake. Anthu amaweruka ku ntchito atatopa nkukathirira mbewu pa sikirini mpaka usiku.

Nde ndikayang'ana ntchito za tsiku ndi tsiku zimene ndimagwira mosanyinyirika, zonse zili ndi kapangidwe kofanana ndi ka magemuwa. Kusita ndi nambala wani. Mulu wa zovala zamakwinya uli kumanzere, zositasita zikukwera kumanja, ndipo diso likuona lokha kuti kwatsala zingati, palibe wokuuza. Shati ndimayamba kolala, mkati kenako kunja, kubwera m'mapewa, manja, kenako mbali ya mabatani, kulowetsa kamphuno ka ayironi pakati pa batani ndi batani mosamala, kumalizira kumsana komwe ndi kotakasuka, ayironi imangoyenda yokha. Manja akugwira, mutu uli kwina, ukhoza kumvera wailesi kapena kungoganiza zako. Ndi mtendere womwewo wa kuzungulira m'tchire kusaka Metal Slime, kachilombo kotuwa ka mu Dragon Quest kaja kothawathawa koma ukakapha XP yake nde yosasimbika.

Kutsuka mbale ndimakonda, koma ndimasunga poto wopserera kumapeto, ameneyo ndiye bosi, umamunyika kaye m'madzi kuti afooke. Kupolisha nsapato. Kupenta khoma ndi rola, mzere woyamba uja wa penti watsopano ukamadutsa pa khoma lakuda, aaa palibe chofanana nacho. Kutsuka kontrola imene, kutenga kamtengo kotokosera m'mano nkuyendetsa mu mzere momwe mapulasitiki awiri amakumana, litsiro limene limatuluka mmenemo simungakhulupirire kuti ndi la m'manja mwanu, kenako kathonje konyowetsa ndi sipiriti kuzungulira timitengo towongolera tija mpaka batani limene limakakamira liyambenso kudumpha. Sindidabwa kuti PowerWash Simulator, gemu yongotsuka zinthu ndi paipi yamphamvu basi, inapeza anthu ake.

Pa ntchito zolipidwa, imene ndinanjoya kwambiri ndi yolongedza katundu m'mashelefu. Anthu amaiderera koma ili ndi nzeru zake. Katundu wakale kutsogolo watsopano kumbuyo, zolemera pansi, zolemba zonse ziyang'ane kwa wogula, ukamaliza nkubwerera masitepe awiri kuyang'ana shelefu ili ndondondo. Nthawi yoweruka ikakwana ntchito imatsala komweko, siikutsatira kunyumba, palibe amene angakuimbire usiku kuti shelefu ija bwanji. Msana nde umamva, zimenezo tisanamizane, ndipo malipiro ake si oti munthu unganyadire. Koma yerekezani ndi ntchito ya maimelo ndi misonkhano, umayankha khumi kwabwera makumi awiri, msonkhano wokonzekera msonkhano wina, tsiku latha watopa zedi koma wina atakufunsa kuti wapanga chani lero ulibe choloza ndi chala. Ntchito yosaoneka mapeto imatopetsa mtima ngakhale utakhala pa mpando wawofuwofu.

Kusiyana kulipo kumene. Mu gemu levo ikakwera siitsikanso, pomwe mbale watsuka m'mawa madzulo zadzadzanso mu sinki, palibe kanyimbo kachipambano, palibe manambala odumpha pamutu. Komanso mu gemu ntchito umaisankha wekha ndipo ukatopa umazimitsa, nchifukwa chake forklift ya Ryo imakoma kuposa mmene ingakomere kwa munthu amene amaiyendetsa chaka chonse kuti ana adye. Ufulu wosiyawo ndi theka la kukoma kwake.

Nchifukwa chake magemu ambiri a masiku ano, makamaka a pafoni, amanditopetsa. Anatenga ntchito ija nkuchotsamo ufulu. Lowani tsiku lililonse kuti mulandire mphatso, mukadumpha tsiku limodzi mndandanda wanu wafa, mphamvu zatha dikirani maola anayi kapena lipirani, mwambo uwu ukutha Lachisanu fulumirani. Ameneyo si Torneko ayi, ameneyo ndi bwana wa kaundula amene akukulemba kuti wachedwa, ndipo malipiro ukupereka ndiwe. Foni ikangoyamba kundiitana kuti ndibwere ndidzasewere, gemu imeneyo ndimaichotsa tsiku lomwelo. Chimodzimodzi timaulendo tija toti pita ukabweretse zikopa khumi za nkhandwe, wabweretsa, pitanso ukabweretse makumi awiri, popanda chosintha chilichonse m'mudzimo, wokutumayo ali chiimire pomwe unamusiya.

Ngakhale PS2 yanga yokondedwayo ili ndi ntchito imodzi imene ndinaikana. Mu Final Fantasy X, kuti chida champhamvu cha Lulu, mmodzi wa gulu lako amene amamenya ndi zidole, chikhale ndi mphamvu zake zonse umayenera kukaima ku Thunder Plains nkuzinda mphezi 200 motsatizana, sikirini ikangowala udine batani, ikakumenya kamodzi kokha olo uli pa 199 kuwerenga kuyambirenso pa ziro, ndipo pa sikirini palibe chokuwerengera, uziwerenga wekha m'mutu osaphethira. Amene munamaliza zimenezo ulemu wanu, ndinu akatundu. Ine Lulu anamenya bosi womaliza ndi kachidole wamba ndipo sanadandaule.