Dobrý, dobrá, dobré: mawu amodzi michira itatu

Nditayamba kuphunzira Chicheki, chiyankhulo cha ku Czech Republic, ndinkaona ngati moni ndiye wosavuta, kungoloweza basi. M'mawa dobré ráno, masana dobrý den, pokagona dobrou noc. Ndinaloweza bwinobwino, mpaka tsiku lina ndili phee ndi kope langa ndinangoti aa, kodi mawu oti "wabwino" si amodzimodzi awa, chikusintha ndi mchira wokha.

Nkhani yake ndi yoti dzina lililonse mu Chicheki limakhala lachimuna, lachikazi kapena la pakati, ndiye mfotokozi amangotsatira mwini wake: -ý, -á, -é. Nový dům nyumba yatsopano, nová kniha buku latsopano, nové město mzinda watsopano. Chomwe buku linachita kuti likhale lachikazi musandifunse. Dobrou ija ndi dobrá yomweyo, yasintha chifukwa cha ma case, kusintha kwa mchira malinga ndi ntchito ya dzina m'chiganizo, omwe alipo 7, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Kunena zoona ife sitiyenera kudandaula kwambiri, paja timati munthu wamkulu, chingwe chachikulu, mitengo yaikulu osaganiza n'komwe, kungoti ife timasintha kumutu iwo kumchira. Chimene chimandipweteka mutu ndi mayina onyenga. Ukangozolowera kuti othera -a ndi achikazi, akubweretsera táta, bambo, lachimuna. Kost, fupa, lothera ndi konsonanti ngati lachimuna koma ndi lachikazi, ndipo děvče, mtsikana weniweni, ndi la pakati, ndiye mtsikana wamng'ono umati mladé děvče. Ine ndinalemba mladá ndi mtima wonse, aphunzitsi anangodulapo ndi cholembera chofiira osayankhula kanthu.

Achimunanso ali pawiri, amoyo ndi opanda moyo. Zikachuluka, nyumba zatsopano ndi nové domy koma ophunzira atsopano ndi noví studenti, ndipo kwa amoyowo nthawi zina ngakhale konsonanti imagwedezeka, dobrý kukhala dobří, velký (wamkulu) kukhala velcí, český (wachicheki) kukhala čeští. Pamenepa ndiye ndimapuma kaye. Amene amandimvera chisoni ndi afotokozi othera -í monga moderní (wamakono), amakhala choncho kwa onse atatu bola case isalowererepo.

Chondiseketsa n'choti nditavutika chonchi kuloweza dobré pivo, mowa wabwino, ndinamva anthu a ku Prague, likulu la dzikolo, pocheza akungoti dobrý pivo, ndipo dobrý weniweniyo amamusandutsa dobrej. Ndinatseka kope n'kupita kokagona.