Mmene ndinathetsera banja kukhoti popanda loya

Banja langa linathera kukhoti ndipo ndinalibe loya, ndalama yake sindikanaipeza, ndiye ndati ndifotokoze mmene zinayendera poti alipo ambiri akungovutika mumtima poganiza kuti kukhoti kumalowa anthu a masuti okhaokha. Chomwe ndinaona ine nchakuti khoti limayendera mapepala ndi madeti. Ululu wanu ndi weniweni ndithu koma ngati sunalembedwe pamalo pake a majisitireti alibe pougwira.

Ndinayambira ku ofesi ya akalaliki komwe amalandirira milandu, ndipo funso langa loyamba linali loti kodi khoti lino lili ndi mphamvu yomva nkhani yanga? Si khoti lililonse limathetsa ukwati wamtundu uliwonse ayi, zimatengera komwe mukukhala ndi mmene ukwatiwo unamangidwira, choncho funsani musanalipire kalikonse. Akalaliki saloledwa kukuuzani zokanena kapena ngati muwina, koma fomu yoyenera, makope angati, zolipira, izi amakuuzani bwinobwino. Mufunsenso ngati lamulo likufuna kuti papite nthawi chikwatirane kapena chipatukane musanasume, maiko ambiri ali nalo lamulo lotere.

Ndinasonkhanitsa setifiketi ya ukwati, chitupa changa ndi ziphaso zobadwira za ana, zonse ndi mafotokope ake. Kenako pempho lenilenilo. Apa mtima umafuna kukhuthula zonse, mawu onse onyoza aja, usiku onse omwe munagona ndi misozi, koma ine ndinadzigwira, ndinalemba ziganizo zifupizifupi zokhala ndi manambala, tinakwatirana liti, ana ndi angati, chinachitika nchani ndipo liti, tinasiya liti kukhalira limodzi. Kumapeto ndinalemba chimodzichimodzi zomwe ndikupempha, kuti ukwati uthe, ana azikhala ndi ndani, chithandizo chawo, katundu agawidwe bwanji, chifukwa kawirikawiri khoti silikupatsani chomwe simunapemphe. Ndinakalumbira pamaso pa wolumbiritsa, ndinalipira, anadinda chidindo nkundipatsa nambala ya mlandu. Nambala imeneyo ndi risiti musataye chonde, popanda izo fayilo yanu kuipeza nkovuta.

Pomwe milandu yambiri imaima ndi pa samani. Bambo a ana anga amayenera kulandira mapepalawo mwalamulo, kungowauza pa foni kapena kuwatumizira chithunzi pa WhatsApp sikukwanira pokhapokha khoti litavomereza njira imeneyo. Sindinakapereke ndekha, anakapereka munthu wololedwa ndi khoti, ndipo atabwerako analemba chikalata cholumbira chonena tsiku, malo ndi yemwe analandira, nkuchiika mu fayilo. Mnzanuyo akamazemba musataye mtima, mutha kupempha khoti kuti lilole njira ina monga kulengeza mu nyuzipepala. Akalandira amakhala ndi masiku oti ayankhe, akangokhala chete mlandu utha kupitirira iye kulibe, koma bola umboni woti analandira ukhale ulipo.

Za ana ndi katundu tinayesetsa kugwirizana tisanalowe mkhoti ndipo zinali zowawa, kukhala tebulo limodzi ndi munthu amene wakupweteka nkumawerengera fizi ndi ngongole si zophweka. Koma tinalemba zonse, holide ana apita kuti, kuchipatala alipira ndani, ngongole iti ndi ya ndani, tonse nkusaina. Dziwani kuti ngakhale mugwirizane, khoti limayang'anabe chomwe chili chokomera mwanayo, mfundo yomwe ilinso m'pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, ndiye mgwirizano wopondereza mwana akhoza kuukana, ndipo ine ndimaona kuti nkoyenera kutero.

Tsiku la mlandu ndinafika molawirira. Ataitana nambala yanga manja ananjenjemera mpaka pepala limachita phokoso, ndinaliika pansi nkugwira m'mphepete mwa tebulo. Ndinalumbira, nkuyamba kufotokoza motsatira zomwe ndinalemba zija, maso anga kwa a majisitireti osati kwa bambowo. Anandifunsa ngati pali chiyembekezo choti tingabwererane, ndinati ayi ndipo ndinanena chifukwa chake modekha. Mnzanuyo naye amapatsidwa mpata wokufunsani mafunso, yankhani funso lokhalo basi, musakangane naye. Ngati chilankhulo cha mkhotimo chikukuvutani pemphani womasulira, ndipo akaimitsa mlandu lembani deti yatsopanoyo pompo musanatuluke.

Chigamulo chitaperekedwa ndinafunsa ngati ndi chomaliza, poti m'maiko ambiri chimabwera pawiri, choyamba chongoyembekezera kenako pakapita nthawi mumapempha chotsiriza, ndipo pakati pamenepo mukadali pabanja mwalamulo, simungakwatiwe kapena kukwatira. Chotsirizacho chitatuluka ndinatenga makope odindidwa angapo chifukwa kubanki ndi kosinthitsa dzina amachifuna.

Ine zinatheka chifukwa sitinalimbane kwambiri. Ngati pali nkhanza, nyumba, penshoni, kapena mnzanuyo akubisa chuma ndipo iye ali ndi loya, musalimbane nazo nokha, funsani komwe kuli maloya othandiza anthu osowa ndalama, ndipo ngati mukuopa kuvulazidwa pemphani kaye chiletso cha khoti chokutetezani samani isanapite.