Mmene ndinapezera dzina la kompyuta yolowera pa browser

Kuika pulogalamu yothandiza munthu kulowa mu kompyuta ya ku ofesi ali kunyumba kunanditengera Loweruka limodzi lokha. Kupeza dzina loitchulira ndiye kunadya milungu iwiri.

Pa ofesi yaing'ono imene ndimathandizako za makompyuta, pulogalamu yowerengera ndalama ili pa makina amodzi, koma anthu atatu amafuna kuigwiritsa ntchito ali kunyumba. Ndinaika pulogalamu yotchedwa Apache Guacamole pa seva, n'kuilumikiza ku makina aja kudzera pa RDP, njira yoyendetsera kompyuta munthu ali kutali. Munthu amangotsegula Chrome kapena Firefox, kulemba adiresi ndi pasiwedi, basi desktop ya ku ofesi yatulukira mkati mwa browser. Pa laputopu pake saikapo kanthu.

Lolemba ndinawaonetsa mayi amene amasunga mabuku a ndalama. Anayang'anitsitsa sikirini, kenako anati, "Achimwene, ndiye chimenechi tizichitchula chiyani?" Ndinangoti kakasi.

Ndinayamba ndi dzina limene eni ake anaipatsa. Iwo amati clientless remote desktop gateway. Dzinalo n'loona ndithu, koma ndi la ife oika mapulogalamu. Mayi aja silingawauze kanthu.

Kenako ndinaganiza za web OS. Dzinali linamveka kwambiri m'zaka za eyeOS, imene anyamata ena a ku Spain anayamba mu 2005, komanso YouOS ndi G.ho.st. Apa mpamene ndinakhalitsa, chifukwa dzinali limakoma kukamwa. Koma OS yeniyeni, monga Windows, ndi imene imalamulira memory, disiki ndi pulinta, pomwe zimene zija zinali masamba a pa intaneti ojambulidwa ngati desktop, okhala ndi timawindo ndi tizithunzi todina. Zinadzitcha dzina lalikulu pofuna kuoneka ngati zolimbana ndi Windows, ndipo munthu akamva OS amayembekezera kuti ichita zonse zimene Windows imachita. YouOS inatsekedwa mu 2008, G.ho.st mu 2010. Kuwonjezera apo, kampani ya Palm inatenga dzina la webOS mu 2009 n'kulipereka ku mafoni ake, ndipo lero LG imaligwiritsa ntchito pa ma TV. Ndinalisiya pomwepo.

Makampani obwereketsa makompyuta olowera pa intaneti ali ndi mayina awo: Amazon imati WorkSpaces, Microsoft inabwera ndi Windows 365 mu 2021 n'kumati Cloud PC. Ndinayesako "kompyuta ya mumtambo", koma yathu siili mumtambo ayi, ili pansi pa tebulo pafupi ndi zenera.

Chimene chinanditsegula maso chinachitika Lachinayi. Mayi aja anasunga fayilo ya malipiro pa desktop, n'kutseka browser, kenako n'kumaifunafuna pa desktop ya laputopu yawo. Anandiimbira mtima uli m'mwamba, akuganiza kuti ntchito ya tsiku lonse yatayika. Fayiloyo inali bwinobwino ku ofesi. Vuto linali langa: sabata yonse ndinkangoti "desktop yanu", ndipo iwo anamva ndendende zimene ndinanena.

Kuyambira pamenepo dzina lililonse ndinkaliyesa ndi mafunso awiri, ndipo ndinkafunsa iwo, osati ine ndekha. Laputopu yanu itabedwa, mafayilo ali kuti? Bandulo ikatha, chichitike n'chiyani? Ndikanena web desktop, ankayankha mokayikira. Nditanena kuti "kompyuta ya ku ofesi, yolowera pa browser", anayankha osaganiza kawiri: mafayilo ali ku ofesi, ndipo popanda intaneti sindingafikeko. Anawonjezera okha chimene sindinafunse n'komwe, kuti magetsi akazima ku ofesi ndiye kuti nawonso aima. Dzinalo ndi lalitali ndipo silingagulitse malonda, koma lanena kumene zinthu zili ndiponso khomo lolowera.

Ndinalilemba pamwamba pa pepala la malangizo, pansi pake mizere inayi yokha: adiresi, mmene angalowere, kuti Ctrl, Alt ndi Shift pamodzi zimatsegula menyu ya Guacamole, ndiponso kuti akadina print, chikalata chimabwera pa laputopu pawo ngati PDF. Mawu akuti desktop ndinawachotseratu papepalapo.

Sabata yotsatira foni inalira m'mawa. Anali mayi aja. "Achimwene, kompyuta ya ku ofesi ikukana. Kapena wina waizimitsa dzulo poweruka?" Ndinatuma mnyamata wa pa ofesi kukaona pansi pa tebulo paja, ndipo anaipezadi yozimitsa.